Kapemphero ka mlaliki asanatsegule Buku

Ambiri amaona ntchito yathu ya ubusa ngati yongolondera dongosolo: nyimbo, pemphero, kuwerenga Mawu, ulaliki, chopereka, mdalitso. Ndiye ena amati dongosololo ndilo laziziritsa mapemphero m'mapulazi a ku Selous kuno. Ine ndikukana. Taonani kapemphero kaja mlaliki amanena asanatsegule Buku Lopatulika. John Calvin ku Geneva ankayamba nako asanalalikire, kupempha kuti Mzimu Woyera atsegule mitima. Pamenepo mlaliki akuvomereza kuti kapepala kali m'manja mwake sikakwanira, ndipo mpingo ukuvomereza kuti lero lomwe pali mawu ake ochokera kwa Mulungu. Munthu akati ameni maganizo ali pa ngongole ya feteleza, wagamula kale kuti palibe chimene chichitike, ndipo tingasinthe nyimbo kangati, adzatuluka mmene analowera.

Sindikupeputsa kutopa kwa anthu athu. M'chaka cha 1912 Mbusa T.C.B. Vlok anafika ku Salisbury kutsata Anyasa obwera kudzagwira ntchito, ndipo mu 1965 mpingo wa Anyasawo unakhala sinodi payokha, imene lero ndi CCAP Harare Synod. Zidzukulu za makolo amenewo ndizo zinataya ntchito, ena nyumba za m'komboni zomwe, minda itayamba kulandidwa mu 2000, ndipo alipo amene avutika zaka kufuna chitupa. Wina akati, "Abusa, tapemphera mpaka mawondo kuchita zikang'a," akunena zoona. Koma werengani Machitidwe 12. Mpingo unasonkhana m'nyumba ya Mariya kupempherera Petro ali m'ndende. Petro atagogoda pakhomo, mtsikana Roda anazindikira mawu ake nathamanga kukanena, opempherawo namuyesa wamisala. Anali kupemphera molimbika ndithu, koma khutu silinali kukhomo. Matenda athu ndi omwewo, ndipo amagwira akulu ampingo msanga kuposa a kalasi, chifukwa tazolowera.

Ena amaopa kuti kuyembekezera yankho la Mulungu kutikankhira kwa aneneri a m'matenti ogulitsa mafuta odzozera. Ayi. Iwo amaikira Mulungu tsiku ndi mtengo wake. Kuyembekezera kumene ndikunena nkwa mlimi wa fodya wofesa nazale m'mwezi wa June, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Mvula sangailamule, koma m'mamawa uliwonse, chisanu chikuluma zala, amanyamula kheni, kuvundukula udzu wophimbira bedi n'kusuzumira ngati zamera.