Mafilimu a zolengedwa zakumwamba: mmene chinsinsi cha boma chidaberekera nthano

Nkhani zake zimayamba mofanana. Chombo chachilendo chagwa m'chipululu usiku. Kusadache, asilikali afika ndi malole, atchinga misewu, atola zidutswa zonse ndi kuopseza mboni kuti zitseke pakamwa. Kenaka patulukira munthu mmodzi, kaya mtolankhani, wapolisi kapena wasayansi, yemwe akana kukhulupirira zomwe boma lanena, nayamba kufukula chinsinsicho moika moyo wake pachiswe.

Umu ndi mmene amayendera mafilimu ndi mabuku ambiri a nthano za sayansi okamba za zolengedwa zochokera ku mapulaneti ena. Chomwe chimagwira mtima woonera si zolengedwazo ayi, koma ganizo loti akuluakulu a boma akudziwa zinazake ndipo akubisira anthu awo. Ganizoli lili ndi mizu yake m'mbiri yeniyeni ya dziko la America.

Mu filimu ya Close Encounters of the Third Kind, yomwe Steven Spielberg adatulutsa m'chaka cha 1977, boma linamiza anthu kuti sitima yapamtunda yataya mpweya wapoizoni pafupi ndi phiri la Devils Tower, cholinga chili choti onse asamuke pamalo pomwe chombo chidzatere. Sewero la pa wailesi ya kanema la The X-Files, lomwe lidayamba mu 1993, limatsata apolisi awiri a FBI, Fox Mulder ndi Dana Scully, omwe adani awo aakulu ali m'maofesi a boma momwemo. Mu Independence Day ya mu 1996, ngakhale mtsogoleri wa dziko sadziwa kuti asilikali ake akhala akusunga chombo cha alendowo kwa zaka zambiri.

Chitsime cha nthano zambiri zotere ndi tauni ya Roswell, m'chigawo cha New Mexico. Pa 8 July 1947, asilikali a pabwalo la ndege la kumeneko adalengeza kuti atola mbale youluka yomwe idagwa pa famu ina. Tsiku lisadathe, akuluakulu awo adatembenuza lilime n'kunena kuti chidali chibaluni choyezera nyengo. Nkhaniyo idazilala kwa zaka pafupifupi 30.

Zoona zake zidadzatuluka mu 1994, pomwe asilikali a ndege za nkhondo a America adavomera kuti zidutswazo zidali za ntchito yachinsinsi yotchedwa Project Mogul. Pa ntchitoyi ankaulutsa mabaluni ataliatali onyamula zida zomvetsera phokoso, kuti adziwe ngati dziko la Soviet Union layesa bomba la nyukiliya. Choncho omwe ankati boma lidanama sadalakwe. Chomwe adaphonya ndi chinthu chomwe bodzalo linkaphimba.

Chimodzimodzinso ndi Area 51, malo a asilikali a m'chipululu cha Nevada omwe mafilimu amawasonyeza ngati nkhokwe ya zombo zachilendo. Kuyambira mu 1955, bungwe la akazitape la CIA linkayeserako ndege ya U-2, yomwe inkauluka pamtunda wa makilomita oposa 18, pomwe ndege zonyamula anthu za nthawiyo sizinkafika n'theka lomwe. Madzulo, dzuwa litalowa kale kwa anthu a pansi, mapiko a ndegeyo ankanyezimirabe kumwamba, ndipo oyendetsa ndege zina ankapereka malipoti oti aona chinthu chamoto. Ofufuza a boma ankadziwa yankho koma sakadaliulula. CIA idadzavomera poyera za malowa mu August 2013.

Pakati pa zaka zimenezi, chikhulupiriro cha Aamerika pa boma lawo chidagwedezeka kwambiri. Mlandu wa Watergate udachititsa Pulezidenti Richard Nixon kutula pansi udindo mu 1974, ndipo chaka chotsatira zidaululika kuti CIA inkayesa mankhwala osokoneza ubongo pa anthu ena iwo osadziwa. N'chifukwa chake pomwe buku la The Roswell Incident, lolembedwa ndi Charles Berlitz ndi William Moore, lidatuluka mu 1980 n'kudzutsa nkhani yakale ija, lidapeza nthaka yonyowa kale. Mu 1989, Bob Lazar adauza wailesi ya kanema ya ku Las Vegas kuti adagwirapo ntchito yophwasula chombo chachilendo pafupi ndi Area 51 pofuna kutengera luso lake. Umboni wotsimikizira zonena zakezo sudapezeke, koma olemba mafilimu adapeza mgodi.

Chifukwa chomwe luso la alendowo limakhalira pakati pa nthanozi n'chosavuta kuchimvetsa. Dziko lomwe lingakhale ndi chida choposa zida zonse lingalamulire anzake, ndiye boma lili ndi chifukwa chobisira, ndipo woulula ali ndi chifukwa choopera imfa. Filimu ya District 9, ya Neill Blomkamp wa ku South Africa, yomwe idatuluka mu 2009, idaligwiritsa ntchito ganizoli mwanzeru. M'menemo zolengedwazo zatsekeredwa m'zisakasa za ku Johannesburg, ndipo kampani yoziyang'anira ikulimbana n'kupeza njira yowombera mfuti zawo, zomwe sizilira m'manja mwa munthu. Dzina la filimuyi limakumbutsa District Six ya ku Cape Town, komwe boma la tsankho lidasamutsa anthu oposa 60 000 mokakamiza. Apa woonera amazindikira kuti chilombo chenicheni ndi munthu.

Nkhaniyi sidathere m'mafilimu. Mu April 2020, unduna wa zachitetezo wa America udatulutsa makanema atatu ojambulidwa ndi oyendetsa ndege za nkhondo, osonyeza zinthu zomwe sadazizindikire. Mu July 2023, David Grusch, yemwe adagwirapo ntchito ya ukazitape, adauza aphungu a Nyumba ya Malamulo atalumbira kuti boma likusunga zombo zosapangidwa ndi anthu, ngakhale adavomera kuti izi adachita kumva kwa ena. Mu March 2024, ofesi ya AARO, yomwe boma lidakhazikitsa kuti ifufuze nkhanizi, idati sidapeze umboni uliwonse wa luso lochokera kunja kwa dziko lapansi.

Ambiri sadalikhulupirire lipotilo, ndipo apa ndi pomwe pagona phunziro. Boma likanama kamodzi, ngakhale ponena kuti likuteteza dziko, limataya mphamvu yotsutsira mphekesera mawa lake, chifukwa kukana kwake kumasanduka umboni kwa okayika. Akuluakulu adati utsi sufuka popanda moto. Ku Roswell ndi ku Nevada moto udalipodi, koma adausonkha ndi anthu a pansi pano, pokonzekera nkhondo.