Kodi nambala ya BMI imanena zonse za thanzi la munthu?

Munthu akapita kuchipatala kukayezetsa thupi, kaya chifukwa choti akulowa ntchito kapena akufuna inshuwalansi, kawirikawiri amamukweza pa sikelo, kumuyeza msinkhu, kenaka namwino amalemba nambala imodzi m'buku lachipatala. Nambalayi imatchedwa BMI, chidule cha mawu a Chingerezi akuti Body Mass Index. Ndi nambala imeneyi imene imachititsa kuti ena auzidwe kuti achepetse thupi, pamene anzawo amauzidwa kuti ali bwinobwino.

M'zaka zaposachedwapa akatswiri a zaumoyo akhala akukambirana ngati nambalayi ili yodalirika poweruza thanzi la munthu mmodzi payekha. Nkhaniyi ikukhudza kwambiri ogwira ntchito m'maofesi, amene amakhala pampando pafupifupi tsiku lonse.

Kapezedwe ka BMI n'kosavuta. Munthu amatenga kulemera kwake m'makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wake m'mamita, kenaka yankho limene wapeza n'kuligawanso ndi msinkhu womwewo. Mwachitsanzo, bambo wolemera makilogalamu 75 amene msinkhu wake ndi mamita 1.70 amapeza 44.1 akagawa koyamba, ndipo akagawa kachiwiri amapeza pafupifupi 26. Imeneyo ndiyo BMI yake.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, munthu wamkulu amene BMI yake ili pansi pa 18.5 ndi wochepa thupi kwambiri. Kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi mlingo woyenera. Kuyambira 25 mpaka 29.9 munthu amakhala kuti wanenepa kupyola muyeso, ndipo kuyambira 30 kupita m'mwamba ndiko kunenepa kwambiri kumene madokotala amada nako nkhawa. Potengera malire amenewa, bambo wa mamita 1.70 uja ayenera kulemera pakati pa makilogalamu 53 ndi 72, pamene mayi wa mamita 1.60 ayenera kukhala pakati pa makilogalamu 47 ndi 64.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti amene anayambitsa masamu amenewa sanali dokotala. Anali Adolphe Quetelet, katswiri wa masamu ndi sayansi ya zakuthambo wa ku Belgium, amene m'zaka za m'ma 1830 ankafufuza maonekedwe a thupi la munthu wamba pogwiritsa ntchito miyeso ya anthu a ku Ulaya. Cholinga chake chinali kufotokoza za gulu lalikulu la anthu, ndipo za matenda a munthu mmodzi sankazilingalira.

Dzina lakuti Body Mass Index linabwera mu 1972 kuchokera kwa Ancel Keys, wasayansi wa ku America. Iye ndi anzake anayeza amuna oposa 7,000 a ku America, Finland, Italy, Japan ndi South Africa, ndipo anapeza kuti njira ya Quetelet inali yabwinoko poyerekeza ndi njira zina zoyerekezera mafuta a m'thupi pogwiritsa ntchito sikelo ndi msinkhu. Pa kafukufuku ameneyu panalibe mayi ngakhale mmodzi. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la WHO linakhazikitsa malire amene zipatala zikugwiritsa ntchito mpaka lero.

Njirayi inafala chifukwa siilira ndalama. Chipatala chaching'ono chakumudzi chimene chili ndi sikelo ndi thabwa loyezera msinkhu chingathe kupeza BMI ya munthu m'mphindi ziwiri. Ndiponso ikagwiritsidwa ntchito pa anthu ambiri nthawi imodzi, imapereka chithunzi chothandiza boma pokonza mapulani. Ndi BMI imene inathandiza WHO kuwerengera kuti mu 2022 anthu akuluakulu 2.5 biliyoni padziko lonse anali onenepa kupyola muyeso, ndipo mwa iwo 890 miliyoni anali onenepa kwambiri.

Kuno kwathu, kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16, amene anachitidwa ndi ofesi ya National Statistical Office, anasonyeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyeso, pamene 7 mwa 100 anali ochepa thupi kwambiri. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osapitirira zaka zisanu anali opinimbira. Choncho dziko lili ndi mavuto awiri nthawi imodzi, ndipo nthawi zina onse awiri amapezeka m'nyumba imodzi.

Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU, amene anachitika ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndi kumidzi ya m'boma la Karonga ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti amayi 44 mwa 100 aliwonse a m'tauni anali onenepa kupyola muyeso, poyerekeza ndi 27 a kumudzi. Kwa abambo ziwerengero zinali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi.

Vuto limayamba pamene nambala yoyenera kufotokoza za gulu yatengedwa ngati chigamulo pa munthu mmodzi. Sikelo imayeza zonse pamodzi: mafupa, mnofu, madzi ndi mafuta. Siisiyanitsa. Msilikali kapena wosewera mpira amene ali ndi mnofu wochuluka angathe kukhala ndi BMI ya 27 koma mafuta ali ochepa. Munthu amene watupa miyendo chifukwa cha vuto la mtima kapena impso amalemera chifukwa cha madzi. Kumbali inayo, gogo amene mnofu wake watha ndi ukalamba angathe kukhala ndi BMI ya 22 yooneka yabwino, koma gawo lalikulu la thupi lake lili mafuta.

Chachikulu koposa n'chakuti BMI sinena pamene mafutawo ali. Mafuta amene amakhala m'ntchafu ndi m'matako, pansi pa khungu, alibe chiopsezo chachikulu ngati amene amaunjikana mkati mwa mimba, kuzungulira matumbo ndi chiwindi. Mafuta a m'mimbawa amatulutsa zinthu zimene zimapita m'magazi molunjika kuchiwindi ndipo zimachititsa kuti thupi lisamamvere insulin, imene ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi kuti alowe m'maselo. Kapamba amakakamizika kupanga insulin yochuluka mpaka amatopa, ndipo pamenepo ndi pamene nthenda ya shuga imayambira. Mafuta omwewa amayenderanso limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi kufa kwa ziwalo.

Apa ndi pamene ambiri a ife ogwira ntchito m'boma tiyenera kudziyang'ana. Si zachilendo kuona bambo wa miyendo ndi mikono yoonda koma mimba ili patsogolo, lamba akumangira m'munsi mwa mchombo. Bambo wotere akakwera sikelo angapeze BMI ya 24 n'kubwerera ku ofesi mtima uli m'malo, chonsecho chiopsezo chake n'chachikulu kuposa cha mayi wa BMI ya 27 amene mafuta ake ali m'ntchafu. Moyo wathu wa pantchito umathandizira zimenezi: galimoto kapena minibasi m'mawa, mpando tsiku lonse, ndipo kukakhala msonkhano, zakumwa zotsekemera ndi zokazinga zimafika 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, nsima ya masana ili pakati.

Palinso nkhani ya chikhalidwe. Kwa nthawi yaitali mimba yaikulu yakhala ikuonedwa ngati umboni woti munthu zikumuyendera, ndipo mayi akanenepa pabanja anthu amati akusamalidwa bwino. M'zaka zimene Edzi inavuta kwambiri, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kupezeka mwaulere mu 2004, kuonda kunkachititsa anthu kulozana zala. Maganizo amenewa sanatheretu, ndipo alipo anthu amene amaopa kuchepetsa thupi poopa zonena za anzawo.

Mitundu ya anthu nayonso imasiyana. Mu 2004 akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi WHO anafalitsa lipoti losonyeza kuti anthu ambiri a ku Asia amayamba kukhala pachiopsezo cha shuga ndi matenda a mtima BMI yawo isanafike 25. Ku Britain, bungwe la NICE, limene limapereka malangizo kwa madokotala, limalangiza kuti kwa anthu ochokera ku Asia, ku Middle East ndi anthu akuda ochokera ku Africa ndi ku Caribbean, kunenepa kupyola muyeso kuziwerengedwa kuyambira pa 23 ndipo kunenepa kwambiri kuyambira pa 27.5. Abale athu okhala kumeneko amayezedwa ndi malire amenewa. Ndipo mu April 2025 bungwe la International Diabetes Federation linavomereza mtundu wina wa shuga, wotchedwa Type 5, umene umagwira anthu oonda amene anakula mosowa zakudya zokwanira. Kuonda sikutanthauza kuti munthu sangadwale shuga.

Kwa ana ndi amayi oyembekezera malire a akuluakulu aja sagwira ntchito. Ana amayezedwa potengera zaka zawo komanso ngati ali anyamata kapena atsikana, n'chifukwa chake kusikelo ya ana amagwiritsa ntchito tchati ndi kalamba koyezera mkono.

Poona zofooka zimenezi, mu June 2023 bungwe la madokotala la ku America, la American Medical Association, linagamula kuti BMI isamagwiritsidwe ntchito payokha poweruza thanzi la wodwala. Mu January 2025 gulu la akatswiri oposa 50 ochokera m'maiko osiyanasiyana, motsogozedwa ndi Professor Francesco Rubino wa ku King's College London, linafalitsa malangizo atsopano m'magazini ya The Lancet Diabetes & Endocrinology. Iwo akuti BMI ikhale poyambira chabe, ndipo itsimikizidwe ndi muyeso wina monga wa m'mimba. Akusiyanitsanso munthu amene mafuta ayamba kale kusokoneza ziwalo zake, monga kupuma movutikira kapena kupweteka kwa mawondo, ndi amene ali ndi mafuta ochuluka koma ziwalo zikugwirabe ntchito bwino. Woyambayo ndi wodwala wofunika chithandizo, pamene wachiwiriyo afunika uphungu ndi kumuyang'anira.

Palibe mwa mabungwewa limene lanena kuti BMI itayidwe. Munthu amene BMI yake yapitirira 40 safunika umboni wina kuti adziwe kuti mafuta achuluka, ndipo amene ili pansi pa 18.5 ayenera kufufuzidwa ngati akudya mokwanira kapena ali ndi matenda monga chifuwa chachikulu. Amene nambalayi ingawasocheretse kwambiri ndi amene ali pakati, kuyambira 23 mpaka 30, ndipo m'gulu limeneli ndi mmene muli ogwira ntchito m'maofesi ambiri.

Kwa iwowa muyeso wa m'mimba ndi wothandiza. Munthu aime chilili, apeze nthiti yomaliza ndi pamwamba pa fupa la chiuno, kenaka azungulize tepi ya telala pakati pa malo awiriwa, cha pamwamba pang'ono pa mchombo. Ayeze atatulutsa mpweya, osakoka mimba. Malinga ndi WHO, chiopsezo chimayamba kukwera pa masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi, ndipo chimakula kwambiri pa 102 kwa abambo ndi 88 kwa amayi. Saizi ya thalauza si muyeso woona chifukwa ambiri amavalira pansi pa mimba.

Njira ina, imene bungwe la NICE linayamba kulimbikitsa mu 2022, ndi yakuti muyeso wa m'mimba usafike theka la msinkhu wa munthu. Bambo wa masentimita 170 uja mimba yake isafike masentimita 85. Amene alibe tepi angadule chingwe chofanana ndi msinkhu wake, kuchipinda pakati, n'kuona ngati chikukwana kuzungulira mimba. Chikalephera kukumana, munthuyo apite kuchipatala akayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ngakhale sikelo itanena kuti kulemera kwake kuli bwino.