Tsiku limene ndinasuzumira m'mutu mwa kompyuta

Nditangoyamba ntchito, pulogalamu yowerengera malipiro inayamba kuimaima, mwezi uli pafupi kutha. Akulu amene ankandiphunzitsa anandikhazika pambali pawo, kutsogolo kwa sikirini yakuda ya zilembo zobiriwira. "Lero ungoona, manja m'thumba," anatero.

Makinawo anali AS/400, kompyuta yapakatikati: yoposa ya patebulo, koma yosafika pa zikuluzikulu zija zotchedwa mainframe. Kampani ya IBM inaitulutsa mu 1988, ndipo zidzukulu zake zikugwirabe ntchito lero pa dzina la IBM i.

Akuluwo analemba STRSST, lamulo lotsegula System Service Tools, zida za amisiri okonza makinawa. Kenako analowa mu Display/Alter/Dump, kutanthauza kuona, kusintha kapena kukopera zimene zili mu memory. Sikirini inadzaza ndi manambala osakanikirana ndi zilembo, ine mutu balala.

Koma nkhani yake ndi yosavuta. Memory ili ngati mzere wautali wa timabokosi, kalikonse ndi adiresi yake. M'kabokosi kamodzi mumakhala byte imodzi, nambala yochokera pa 0 kufika pa 255. Amisiri amailemba mu hexadecimal, kawerengedwe ka zizindikiro 16: 0 mpaka 9, kenako A mpaka F. Makinawa amasunga zilembo m'dongosolo lotchedwa EBCDIC, momwe mawu oti MOTO amaoneka chonchi: D4 D6 E3 D6. Mukasintha D4 kukhala D7, basi, MOTO wasanduka POTO.

Atandionetsa zimenezi papepala ndinaseka. Iwo sanaseke. "Nanga byte wasinthayo itakhala kuti si chilembo?" Mwina ndi mbali ya pointer, mabyte 16 olozera komwe chinthu china chili. Mukaipotoza, pulogalamu imasochera.

Chinanso, pa foni zinthu zikasokonekera timangozimitsa n'kuyatsanso, eti? Pano ayi. AS/400 imaona memory ndi disiki ngati malo amodzi a maadiresi, njira yotchedwa single-level storage. Choncho cholakwika chanucho chikhoza kulembedwa pa disiki, n'kukudikirani mawa m'mawa. Pamenepo malipiro a anthu onse aima, ana awo abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

Tsikulo sitinasinthe kanthu. Akuluwo anangokopera gawo lomwe ankalikayikira n'kutumiza kwa akatswiri a pulogalamuyo, amene anapeza vuto n'kulikonza. Malipiro anatuluka pa nthawi yake. Lamulo limene anandipatsa ndimalitsatirabe: ona kaye, sunga kope, lemba nambala yakale papepala, ndipo usasinthe chimene sungathe kuchifotokoza.

Tsopano yesani nokha, papepala pomwepo, popeza pamenepo simungaononge kanthu. Mu EBCDIC, A mpaka I ndi C1 mpaka C9, J mpaka R ndi D1 mpaka D9, S mpaka Z ndi E2 mpaka E9. Lembani dzina lanu, mupatse mnzanu alimasulire. Kenako sinthani nambala imodzi yokha, muone kuti mwasanduka ndani.