Msonkho unachotsedwa, koma apindula ndi a mapepala

Papita zaka zoposa 25 kuchokera mu 2000, chaka chimene Malawi analowa m'mapangano awiri amene ankati asintha malonda a dziko lino. Mu Meyi, America inakhazikitsa lamulo la AGOA lolola katundu wa mayiko ena a mu Africa kulowa kumeneko popanda msonkho. Pa 31 Okutobala, ku Lusaka, mayiko asanu ndi anayi a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, Malawi ali m'gulumo, anachotserana msonkho wa pachipata. Mu 2001 mayiko a ku Ulaya nawo anayamba kutsegulira misika yawo mayiko osaukitsitsa, ndipo mu 2008 kunabwera mgwirizano wa kum'mwera kuno, womwe Mozambique ndi South Africa alimo. Mkangano ulipo lero ndi wakuti phindu lake likumufika ndani.

Ku Nzama, m'mapiri a Ntcheu kufupi ndi malire a Mozambique, kuli mayi wina wa geni ya nyemba. Nthawi yokolola amatuma anyamata a njinga zamoto kukapikula kwa alimi a mbali zonse ziwiri, poti anthu ake ndi amodzi, Angoni okwatirana ndi kuikana maliro. Muyeso wake ndi ndowa, malipiro ndi kwacha kapena ndalama ya tsidya linalo, malinga ndi kufuna kwa mwini mbewu. Nyemba zikafika amaziyala pa mphasa pakhonde, iye ndi ana ake n'kuyamba kupeta ndi lichero, kutola timiyala ndi zofumbwa, kupatula kholophethe ndi nanyati, chifukwa wogula wa m'tauni akaona zosakaniza amagwetsa mtengo. Akatha amasoka matumba, kulemba chizindikiro chake ndi penti, n'kukadikira lole pa msewu wa M1 yopita ku Blantyre kapena Lilongwe. Buku lake la malonda ndi kope la pasukulu lothothoka chikuto, koma mulibe ngongole yomwe anaiwalamo.

Nyemba zakezo zikhoza kugulidwa ku Harare kapena Johannesburg popanda msonkho, koma iye sangazifikitseko. Pamafunika chiphaso chosonyeza dziko limene mbewu inalimidwa, china cha a zaulimi chotsimikiza kuti ilibe matenda ndi tizilombo, chilolezo chotulutsira katundu kunja, nambala ya msonkho ndi akaunti ya kubanki. M'thumba mwake muli nyemba za m'munda mwake zosakanikirana ndi za ku Tete ku Mozambique, pomwe pepala likufuna dzina la dziko limodzi. Mapeto ake amagulitsa kwa kampani ya m'tauni yomwe ili ndi kalaliki wolembedwera ntchito yothamangitsa mapepalawo, ndipo msonkho umene unachotsedwa uja umasanduka phindu la kampaniyo.

Ena amati vuto ndi mayiyo, osati mapangano: alembetse bizinesi, alowe m'gulu, atsatire malamulo ngati anzake. Maganizowa ali ndi mfundo, chifukwa palibe dziko lingalole mbewu yosayezedwa kulowa, ndipo popanda chiphaso cha kochokera katundu, wamalonda wa ku Asia akhoza kungodutsitsa zinthu zake kuno n'kuzitcha za ku Malawi. Koma ntchito yopeza mapepala ndi yofanana kwa wotumiza malole khumi ndi kwa wa matumba makumi atatu. Wamkuluyo ndalama yake imamwazikana pa katundu wambiri osamveka kupweteka, pomwe wamng'ono ulendo wa ku ofesi ya mumzinda, malo ogona ndi masiku otseka geni zimamudyera mpamba. Umboni woti zinthu zikhoza kupepuka ulipo pa chipata cha Mchinji, pomwe kuyambira mu 2010 Malawi ndi Zambia analola wamalonda wamng'ono kudzaza fomu yachidule pachipata pomwepo, ngati katundu wake ali pa mndandanda womwe anagwirizana. Mtengo wa katundu wololedwa unakwezedwa mpaka madola 2,000. Ngati zinatheka kumeneko, kuvuta kwa mapepala n'kochita kusankha, ndipo a m'malire a Ntcheu ayenera kumva kupepukako pa chipata cha Biriwiri.

Enanso amaloza ntchito zimene mapanganowa anabweretsa: shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa wopita ku Ulaya, ndi mafakitale osoka zovala ku Blantyre. Ntchitozo zinalipodi ndipo mabanja anadya. Komabe fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu Januwale 2005 malire a kuchuluka kwa zovala zomwe mayiko ngati China ankaloledwa kugulitsa anatha, ndipo osoka a kuno analephera kupikisana nawo. Mu 2017 Ulaya anamasula alimi ake kulima shuga mmene angafunire, mtengo n'kutsika. AGOA nayo nthawi yake inatha pa 30 Sepitembala 2025, tsogolo lake n'kutsalira m'manja mwa aphungu a ku Washington. Mwayi woperekedwa ndi mbali imodzi umachotsedwanso ndi mbali yomweyo, ndipo mwini fakitale wa kuno sakhala nawo pa zokambirana za mwayiwo.

Chimene wamalonda wamng'ono amachiona msanga pa mapanganowa ndi katundu wolowa. M'magolosale a pa boma la Ntcheu muli zakumwa za ku Zambia ndi zakudya za m'mapaketi za ku South Africa. Kutseka chipata sikuthetsa vutoli. Malawi ataletsa zokolola zina zakunja mu Malichi 2025, Tanzania inabwezera mu Epulo, ndipo katundu wa amalonda a kuno anaima pa chipata cha Songwe. Chofunika ndi kubweretsa oyeza mbewu ndi opereka ziphaso kufupi ndi kumene mbewuzo zikulimidwa.

Pa Lizulu, pomwe msewu ndiwo malire, ogulitsa kabichi ndi kachewere amakambirana za mtengo wa dizilo ndi mmene kwacha yadzukira poisintha ndi ndalama ya tsidya linalo. Anyamata a njinga zamoto amafunsa mitengo ya ku Blantyre pa foni asananyamule thumba, ndipo lole ikachedwa tsiku limodzi, tomato amagulitsidwa motaya.