MIZERE YOTSOGOLERA SINGANO

Kuyambira kale, amayi a ku maiko ozizira monga England, Wales ndi America akhala akusoka chofunda chotchedwa quilt. Chofunda chimenechi chimakhala ndi zinthu zitatu zosanjikizana: nsalu yapamwamba, nsalu yapansi, ndi thonje kapena ubweya wa nkhosa pakati pake. Chimene chimalumikiza zitatuzo ndi misoko ing'onoing'ono yosaŵerengeka, ndipo wosoka waluso amaiyendetsa kuti ipange maluŵa, nthenga, nyenyezi kapena zingwe zopotana.

Tsono singano siidziŵa njira payokha. Wosoka amayamba walemba mizere pansalu, ndipo singano imangolondola pambuyo. Vuto lagona pamenepa, pakuti mzerewo uyenera kuoneka bwino masiku onse a kusoka, komanso uyenera kuchokeratu ntchito ikatha. Chofunda chachikulu chosoka pamanja chimadya masabata ambiri, mwina miyezi, ndipo mzere wokana kuchoka ukhoza kuononga thukuta lonselo pamodzi ndi nsalu yogula ndi ndalama.

Olemba nsalu a ku Allendale

Kumpoto kwa England, m'chigwa cha Allendale, kulemba mizereyi kunali ntchito yodyera kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Bambo wina wasitolo, George Gardiner, anatchuka ndi luso limeneli, ndipo anaphunzitsa Elizabeth Sanderson, amene anabadwa mu 1861 namwalira mu 1934. Amayi a m'midzi yakutali ankatumiza nsalu zawo kwa anthu otereŵa, iwo nkuzilemba ndi pensulo yabuluu, nkuzibweza kuti eni ake akasoke okha. Nyenyezi ina imene mayi Sanderson ankalemba imatchedwabe ndi dzina lawo. Koma taonani: pa zofunda zambiri za nthaŵi imeneyo, zonga zimene zikusungidwa ku Beamish Museum m'dera la Durham, mizere yabuluu ikuonekabe pansi pa ulusi ngakhale papita zaka zoposa 100. Osunga mbiri amakondwa nayo, koma kwa wosoka wa lero ndi chenjezo lakuti cholembera china sichichoka pansalu.

Amayi ena a ku Wales ndi ku Durham sankalemba ndi utoto konse. Ankaika chikombole pansalu nkuzunguliza singano yobuntha moidinikiza, ndipo pansalupo pankatsala kamzera kongopindika. Lero pali kachipangizo ka ku Japan kotchedwa hera, kooneka ngati mpeni wosathwa, kamene kamachita chimodzimodzi. Njira imeneyi siisiya banga, koma mzere wake suchedwa kuŵaŵalika, motero muyenera kulemba kachigawo kamene mudzakasoke tsiku lomwelo.

Zolembera ndi machokedwe ake

Musanafunse ngati cholembera chikuoneka bwino, yambani mwafunsa kuti chimachoka bwanji.

Choko cha atelala chimachoka pongochikuntha kapena kuchipukuta ndi kansalu konyowa. Choyera ndicho chodalirika. Cha mitundu, makamaka chachikasu ndi chofiira, nthaŵi zina chimakanirira pansalu yoyera.

Kachidutswa ka sopo kotsala posamba, kakauma nkukhala kopyapyala m'mphepete, kamalemba mzere woyera woongoka pansalu yakuda kapena yofiirira, ndipo kamachoka pochapa. Sikafuna ndalama, koma pansalu yoyera sikaoneka.

Cholembera cha inki yabuluu yosungunuka m'madzi chimapereka mzere woonda ndi wooneka bwino. Inki yake imachoka ndi madzi ozizira opanda sopo. Mukayamba ndi sopo waufa, mzere wabuluuwo ukhoza kusanduka wofiirira nkukhazikika. Kungowaza timadzi pamwamba sikukwanira, chifukwa inki imathaŵira m'thonje la pakati nkudzatulukanso chofunda chikauma. Chofunika ndi kuviika chofunda chonse.

Palinso cholembera cha inki yapepo imene imazimirira yokha pakapita tsiku limodzi kapena masiku oŵerengeka, ndipo m'nyengo ya chinyontho imafulumira. Wolemba nacho chofunda chonse pa Lolemba adzapeza nsalu ili mbee pa Loŵeruka.

Ena amakonda FriXion, cholembera chimene kampani ya Pilot ya ku Japan inayamba kugulitsa mu 2006. Inki yake imaleka kuoneka ikatenthedwa kufika pa madigiri 60, choncho simbi imaizimiritsa nthaŵi yomweyo. Komabe inkiyo imakhala idakali m'nsalu. Kuzizira koopsa kwa madigiri 10 kapena kuposerapo kunsi kwa ziro kumaibweza, ndipo pansalu yakuda imasiya mzere wotuwa. Cholembera chimenechi anachipangira pepala.

Bolopeni ndi pensulo yakuda kwambiri zikhale kutali ndi nsalu imene idzaonekera kunja.

Malamulo anayi

Loyamba, yesani pa kansanza. Dulani kachidutswa ka nsalu yomweyo, lembanipo, kasiyeni masiku angapo, kenaka chotsani mzerewo monga mmene mudzachitire ndi chofunda chenicheni. Safunsa anadya phula, ndipo pano wofunsidwa ndi kansanzako. Ngati mwalumikiza zidutswa za nsalu zosiyanasiyana, monga zotsala za zitenje, yesani mtundu uliwonse, ndipo muyambe mwazichapa kuti zosuluka zisulukiretu.

Lachiŵiri, lembani mopepuza dzanja. Mzere woonda umene diso lanu likuuona ndi wokwanira.

Lachitatu, peŵani kutentha. Sitani nsalu musanalembe. Mukalemba, simbi isakhudzepo, ndipo musaiyanike padzuŵa kapena kuisiya pafupi ndi moto, pakuti kutentha kumakhazikitsa inki yabuluu ija ndi choko cha mitundu.

Lachinayi, musasunge nsalu yolembalemba miyezi yambiri. Mzere ukakhalitsa umaloŵerera mu ulusi wa nsalu.

Ntchito ya banja lonse

Kulemba mizere ndi gawo limene ana angathe kuthandizapo. Zikombole zimadulidwa pa katoni wolimba, ndipo mbale, sosala ndi kapu zimapereka mizere yozungulira ya misinkhu itatu, monga ankachitira amayi a m'midzi ya ku Wales ndi ku Durham. Mnyamata kapena mtsikana wodziŵa kugwira lula akhoza kupeza pakati penipeni pa nsalu poipinda kaŵiri, nkuyamba kulemba kuchokera pamenepo kunka m'mphepete, kuti maluŵa a mbali zonse afanane. Makolo, musanawapatse nsalu yaikulu, apatseni kansanza ndi kachidutswa ka sopo. Aloleni alembe, asoke, achape, ndipo adzionere okha kuti mizere yapita koma misoko yatsala. Akatero kaŵiri kapena katatu, mudzatha kuwakhulupirira pa chofunda chenicheni.