Chamba Chidaloledwa, Koma Chidaloledwa kwa Yani?

Munthu woyenda mumsewu wa kunyanja, kuchokera ku Dwangwa kudzera pa boma la Nkhotakota kulowera ku Salima, sangafike kumene akupita osaimitsidwa pachipata cha apolisi, pamene matumba a mpunga amapapasidwa, zikwama zimamasulidwa, ndipo ngakhale dengu la usipa limavundukulidwa kuti chioneke chimene chagona pansi pake. Chimene akufunafunacho aliyense wa m'galimotomo amachidziwa ngakhale sachitchula. Ndi fodya wamkulu, chamba chija chomera m'zigwa zobisika za m'mapiri a Nkhotakota ndi Mzimba, chimene eni ake amachikulunga mothina m'makoko ouma a nthochi namanga ndi luzi kuti chifunde bwino, chimenenso alendo a kutsidya kwa nyanja adachitcha Malawi Gold. Komatu dziko lomweli, limene apolisi ake amavundukula madengu, lidakhazikitsa lamulo lololeza ulimi wa chamba m'chaka cha 2020.

Nkhaniyi idayamba ndi phwete. M'chaka cha 2015, pamene a Boniface Kadzamira, phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, adaimirira m'Nyumba ya Malamulo napempha kuti dziko lilingalire za chamba cha m'mafakitale, chosaledzeretsa, chopangira nsalu, zingwe, mafuta ndi sopo, aphungu anzawo ambiri adaseka ngati kuti amva nthabwala. Koma fodya, amene adanyamula chuma cha dziko lino kuyambira masiku a atsamunda, adali atayamba kufooka pamsika, popeza a maiko olemera adali kuleka kusuta. Ndiponso anansi athu sadakhale chete, pakuti Lesotho idayamba kupereka ziphaso mu 2017, Zimbabwe mu 2018, ndipo chaka chomwecho bwalo lalikulu la ku South Africa lidagamula kuti munthu wamkulu asamangidwe chifukwa chosuta ali kwake. Mbewu idayesedwa ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, phwete lija lidazirala, ndipo mu Febuluwale 2020 Nyumba yomwe idasekayo idavomereza lamulo lololeza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kusiya kusuta kuli mlandu monga kale. Bungwe la Cannabis Regulatory Authority lidakhazikitsidwa, a Kadzamira nakhala wapampando wake.

Chimwemwe cha alimi chidatha tsiku limene mitengo ya ziphaso idalengezedwa. Wofuna kulima chamba cha mankhwala adayenera kulipira madola a ku America 10,000, ndalama zoposa K7 miliyoni pa nthawiyo, ndipo wofuna cha m'mafakitale madola 2,000. Pamwamba pa zimenezo panali mbewu yogula kunja, mpanda wozinga munda, alonda, ndi zikalata zimene munthu wosapita patali ndi sukulu sakadatha kuziwerenga. Taganizani za mlimi wa kumapiri a Nkhotakota, amene agogo ake adasunga mbewu imeneyi m'chiguduli chopachika kudenga, amene amadziwa ndi maso okha kusiyanitsa mtengo wamphongo ndi wathazi nazula wamphongowo usanawononge munda, amene nzeru zake ndizo zidatchukitsa dzina la Malawi m'mizinda imene iye sadzaiona: munthu wotereyu, amene chaka chonse sagwira ngakhale gawo lakhumi la ndalama zimenezo, lamulo lidamulambalala ngati kuti kulibe. Mbewu yake yamakolo idatsalabe kunja kwa lamulo, iyenso natsala chigawenga. Ndipo popeza mtengowo udalembedwa m'madola, kwacha itagwetsedwa mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, khomo lopapatizalo lidapapatizirabe.

Boma latsopano litalowa mu Juni 2020 ndi lonjezo la ntchito miliyoni imodzi, chiyembekezo chidaphukanso. Mu Epulo 2021, potsegulira msika wa fodya, Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza alimi poyera kuti tsogolo la fodya likutha ndipo kuti alingalire mbewu zina, chamba chili m'gulu lake. Anthu adamvera, pakuti mawu a mtsogoleri salowa m'khutu chabe. Adasonkhana m'magulu, adasonkherana ndalama za ziphaso ndi za maphunziro, ena adalowa m'ngongole, atalonjezedwa kuti ogula ochokera kunja ali panjira. Mu Novembala chaka chomwecho nduna ya zaulimi, a Lobin Lowe, idalembera katswiri wa nkhonya Mike Tyson kumupempha akhale kazembe wa chamba cha Malawi, chinthu chimene chidautsa mkwiyo wa mabungwe okumbukira kuti mkuluyu adakhalako m'ndende pa mlandu wogwirira. Dzinalo lidamveka m'mawailesi masabata angapo. Koma magulu ambiri a alimi adakolola, adayanika, adasunga, ndipo wogula sadaoneke. Akale adanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo alimi amenewa adatsala ndi wapachala.

Sindifuna kupeputsa iwo amene akuopa chamba, pakuti mantha awo ali ndi mizu. Mayi amene adaperekeza mwana wake ku chipatala cha odwala misala ku Zomba, mwana amene adali wanzeru m'kalasi asanayambe kusuta, sangamve bwino nkhani ya madola. Ndipo abusa ndi mashehe amene amachenjeza za mbewuyi ndiwo amene amaitanidwa usiku banja likasokonezeka. Mbali inayo kuli a chipembedzo cha Rastafari, amene kwa zaka zambiri akhala akupempha kuti chimene iwo amachiyesa chopatulika chisawatengere kundende. Mkangano umenewu ndi woyenera mtundu wa anthu oganiza, ndipo ukadakambidwa modekha m'mabwalo a mafumu, m'masukulu ndi m'makachisi, bwenzi utatipindulira. Chondipweteka ine n'chakuti amene tidawasankha sadaukambe ndi ife. Adaukamba ndi eni ndalama.

Chaka cha 2022 chidaonetsa poyera kuti muyeso suli umodzi. Mnyamata wina wa ku Blantyre, wosauka, adagamulidwa kukakhala kundende zaka 8 atapezeka ndi chamba, pamene mkulu wa kampani ina yaikulu, wochokera kunja, atapezeka ndi mbewu yomweyo pakhomo pake adalipira chindapusa nabwerera kunyumba kukagona pabedi lake. Achinyamata adakwiya, adayenda m'misewu, oimba adakweza mawu, ndipo bwalo lalikulu lidachepetsa chilangocho kufika zaka 3. Oweruza angathe kufotokoza kusiyana kwa milandu iwiriyo malinga ndi kuchuluka kwa katunduyo, ndipo mwina n'zoona; koma munthu wamba adaona miyeso iwiri, wina wa mphawi ndi wina wa mwini chuma, chinthu chimene aneneri akale adachidzudzula kolimba.

Mu Malichi 2024, chisankho chikuyandikira, Nyumba ya Malamulo idavomereza ganizo la a Peter Dimba, phungu wa kummwera kwa Lilongwe, loti chamba chamakolo nachonso chizilimidwa movomerezeka kuti chibweretse ndalama zakunja. Mawu ake adali okoma, monga adalili a 2020 ndi a 2021, koma apolisi a m'zipata sadaleke kugwira, ndipo mabwalo sadaleke kuweruza potsata lamulo la mankhwala oopsa limene tidalandira kwa atsamunda. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu adaponyanso voti, nabweza a Peter Mutharika, amene lamulo loyamba lija lidadutsa mu ulamuliro wawo, aphungu ambiri akale natsala panja. Tsono pempho langa kwa amene alowa m'Nyumbayo ndi ili: asanatchulenso mabiliyoni amene chamba chidzabweretse, apite ku Nkhotakota ndi ku Mzimba akakhale pamphasa ndi alimi, akamve za mtengo wa chiphaso, apitenso ku Zomba akamve kwa anamwino ndi makolo, ndipo akawerenge achinyamata amene ali m'ndende za Maula ndi Chichiri chifukwa cha mbewu imene ena akuilima ndi chilolezo cha boma.