Masitampa Akale a ku Broken Hill

Mukapeza kalata yakale m'bokosi la atate anu, musafulumire kung'amba sitampa yace. Masitampa oyamba a Northern Rhodesia anaturuka m'caka ca 1925. Pali nkhope ya Mfumu George V, ndi nyamalikiti ndi njobvu m'munsi mwace. Koma copambana ndico cidindo ca ku positi, pakuti dzina la Broken Hill linatha mu 1966, pamene mzinda uno unalandira dzina la Kabwe. Cidindo cotere sicidzaonekanso pa kalata yatsopano. Ngakhale ku Norway, kumene sitampa yoyamba inaturuka mu 1855, osonkhanitsa masitampa amalemekeza kalata yathunthu koposa sitampa yomatula. Cifukwa cace sungani envulopu yonse pouma, kutali ndi ciswe. Tsalani bwino.